Woyamba Asakumbe Kadzenje

Ku maiko akutali anthu amaweta nsomba za m'nyanja ya mcere m'mabokosi a galasi, nasungunula magalamu 35 a mcere m'lita imodzi ya madzi. Odziwa amalangiza woyamba kumene kuti agule bokosi lalikulu, pakuti madzi ocepa sacedwa kutentha ndi kuipa.

Kwa Mlolo, ku Chadiza, kulibe nyanja, koma madambo alipo. Inu amene mufuna kukakumba dziwe ndi ndalama za thukuta lanu, musakumbe kadzenje ai; kameneko kadzaphwa mu October nsomba zisanakule. Dziwe likhale lotakata, lakuya mita imodzi. Thiranimo manyowa, mulindire kufikira madzi atabiriwira, ndipo pamenepo muikemo tinsomba tanu.