Kutsitsa Nthambi ndi Chingwe Popanda Kuswa Denga

Mvula yayandikira, ndipo ambirife tili ndi mitengo ya mango ndi bulugama imene nthambi zake zaweramira pa malata. Nthambi yotere sitigwetsa ayi, timachita kuitsitsa ndi chingwe.

Chipika chachiwisi cha bulugama, chotalika mita imodzi, chonenepa masentimita 30, chimalemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Chikagwa chingwe chili lende, chimatsomphola ndi mphamvu yoposa pamenepo kangapo. Choncho dulani zidutswa zifupizifupi, chingwe chili chokungika.

Zingwe zikhale ziwiri: china chomangira wokwera, china chotsitsira nthambi, ndipo zisasinthane ntchito. Luzi kapena chingwe cha mbuzi musayerekeze. Tengani cha nayiloni chochindikala, muchiyendetse m'manja kuchokera nsonga mpaka nsonga. Mukapeza ponyotsoka, chisiyeni.

Onani kuno mmene ndikumangira. Chingwe chidutse kaye pa mphanda yolimba, pamwamba pa nthambi yodulidwayo. Ndazunguliza nthambi, nsonga ndaikoletsa kuseri kwa chingwe chachitalichi, ndaibweza, tsopano ndikuipotera pa chinzake kasanu. Mfundo iyi ikalemedwa imathina, koma pansi imamasuka mosavuta. Pafupi ndi podula onjezerani kamfundo kamodzi kokolowekera, kuti chipika chisapulumuke.

Wogwira pansi, zungulizani chingwe kawiri kapena katatu pa thunthu la mtengo wina. Thunthulo ndilo limanyamula katundu, inu mumangomasula pang'onopang'ono. Musakulunge chingwe padzanja, chidzakudulani zala. Imani patali, osati kunsi kwa nthambi, ndipo ana apite kuseri kwa nyumba.

Wodula, yambani ndi sowo kunsi kwa nthambi, mulowe gawo limodzi mwa magawo atatu. Kenako dulani pamwamba, motalikirako pang'ono ndi thunthu. Mukatero khungwa silisendeka. Chitsa chotsalacho muchotse pomaliza, osapala thunthu, kuti bala lipole.

Mutu umodzi susenza denga. Pakhale anthu atatu, ndipo wodula asayambe wapansi asanayankhe kuti “Ndagwira!” Kukakhala mphepo kapena mtengo wanyowa, dikirani. Nthambi ikayandikana ndi mawaya a magetsi, musaikhudze, itanani a ESCOM.

A mfumu, ndikupempha kuti mudzi uno usonkhe ndalama ugule chingwe chabwino, chizisungidwa pouma, kutali ndi dzuwa. Tsopano anyamata, bwerani aliyense amange mfundoyi ndikuona.