Nkhokwe za Olemba Mapulogalamu a Kompyuta



Ogula matemba pamsika wa Songani akukumbukira chaka cha 1995, pamene nyanja ya Chilwa inaphwa. Wogulitsa nsomba anali nalo dengu, njinga anali nayo, koma gwero linali litauma, ndipo malonda anaima.

Olemba mapulogalamu a kompyuta nawonso ali ndi nyanja yawo. Iwo salemba zonse okha ayi. Amatapa tizigawo tolembedwa kale ndi anzawo, timene timasungidwa m'nkhokwe za pa intaneti. Imodzi mwa nkhokwe zazikulu imatchedwa npm. M'mwezi wa Malichi 2016, Azer Koçulu anakwiya pamene eni nkhokweyo anapereka dzina la kagawo kake kena kwa kampani ina, ndipo anachotsamo tizigawo take toposa 250. Kamodzi mwa timeneti, left-pad, kanali ka mizere 11 yokha. Komatu mapulogalamu zikwizikwi anali atatsamira pa kanthu kameneka, ambiri osadziŵa n'komwe, pakuti kanaloŵa kobisika m'kati mwa tizigawo tina. Ntchito inaima m'maiko ambiri kufikira eni nkhokwe atakabwezeretsa tsiku lomwelo.

Tsono inu amene mukuphunzira ntchitoyi pa Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, imvani. Gulu lililonse lisunge nkhokwe yakeyake pa kompyuta ya m'ofesi, ndipo lilembe nambala ya mtundu wa kagawo kalikonse, kuti onse m'gulumo azitenga chofanana. Kwathu kuno, kumene intaneti imadula ndiponso imaduka, kagawo kangotsitsidwa kamodzi, anthu khumi angathe kugaŵana popanda kulipiranso.