Amalume anandifunsa mafunso atatu, ine ndinaseka

(Awa ndi mau amene mtolankhani wathu analankhula pamsonkhano wokambirana za katemera umene unachitikira ku Makanjira, m'boma la Mangochi. Tawasindikiza monga momwe anawalankhulira.)

 

Amene anandiitana anati ndidzalankhule za katemera, popeza mwera wayamba kuomba, asodzi akukokera mabwato kumtunda, ndipo chimfine chalowa m'nyumba zambiri monga chimachitira nyengo yachisanu iliyonse. Ndiyambe ndi kuulula kuti ine sindine dokotala. Ndine mtolankhani chabe, mwana wa konkuno, amene ndinapita ku yunivesite n'kubwerako chimanjamanja chifukwa ndalama za fizi zinatha ndili chaka chachiwiri. Chimene ndabwera nacho lero ndi nkhani ya amalume anga, pamodzi ndi mlandu umene ndimadziimba ndekha mpaka pano.

Nonse mukukumbukira Januwale wa 1921 ayi, ndikunena wa dzana lomweli, wa 2021. Matenda a Covid-19 anali atalowa m'dziko muno mu Epulo 2020, koma ambiri kuno tinkati chimenechi n'chimfine cha anthu olemera a m'tauni. Kenaka kumapeto kwa chaka chimenecho ku South Africa kunapezeka mtundu watsopano wa kachiromboka, ndipo sunachedwe kufika kwathu. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti dziko lili pangozi. Pa 5 Malichi kunafika madozi 360,000 a katemera wa AstraZeneca kudzera mu ndondomeko ya COVAX, ndipo pa 11 Malichi a Chakwera anabayitsa ku Zomba dziko lonse likuona.

Mu Epulo ine ndinabwera kuno kudzaona anthu. Amalume anga anali ndi zaka zoposa 60, anali ndi matenda a shuga, ndipo anali ndi chilimira chawo chimene chinkadyetsa mbumba yonse, kuphatikizapo ine ndili pasukulu. Madzulo ena tili pakhonde ndinawauza kuti apite akabayitse. Iwo sanakane pomwepo. Anandifunsa mafunso atatu.

Loyamba anati: “Mphwanga, kuchipatala timabwezedwa kuti mankhwala a malungo atha. Nanga bwanji uyu yekha wabwera pandege, mwaulere, mothamanga chonchi? Atikonda liti anthu amenewa?” Lachiwiri anati: “M'botolomo muli chiyani? Mulibe za nkhumba? Ndipo mwezi wa Ramadhan ndi uno, kodi munthu akabayitsa samasula kusala kwake?” Lachitatu anati: “Ndamva pawailesi kuti azungu eniake auimitsa chifukwa ukuundanitsa magazi. Chimene mwini wake akuchiopa, iwe ukuti ine ndichilandire?”

Abale anga, onaninso mafunso amenewa. Palibe lopusa ngakhale limodzi. Onse anali ndi mayankho, ndipo ine monga mtolankhani mayankhowo ndinali nawo.

Ndikanawauza kuti maiko olemera sanatumize katemera chifukwa cha chikondi chokha. Ankadziwa kuti kachirombo kakasiyidwa kuti kafalikire kwina kulikonse kamasintha maonekedwe n'kubwereranso kwa iwo. Ndikanawauzanso kuti katemerayo sanabwere mothamanga ayi, anabwera mochedwa ndiponso wochepa, chifukwa madozi 360,000 ndi dontho chabe m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu oposa 17 miliyoni. Ndikanawauza kuti opanga ake anatsimikiza kuti mulibe chilichonse cha nkhumba, ndipo kuti akuluakulu a Chisilamu m'maiko ambiri anagamula kuti jakisoni wotere samasula kusala chifukwa si chakudya. Pa funso lachitatu ndikanavomera kuti zimene anamvazo zinali zoona. Mu Malichi 2021 maiko monga Denmark, Germany ndi France anaimitsadi katemerayu kuti afufuze. Anapeza kuti vuto la magazilo lilipo koma limagwera anthu ochepa zedi, makamaka achinyamata, ndipo ambiri mwa maikowo anayambiranso kubaya achikulire. Kwa bambo wa zaka zoposa 60 wodwala shuga, nthendayo inali yoopsa kutalitali kuposa jakisoni.

Koma sindinanene chilichonse mwa zimenezi. Ndinaseka. Ndinati: “Amalume, zimenezo ndi za umbuli, muzisiye.” Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati: “Mphwanga, sukulu unaisiyira panjira, koma mwano unamaliza.” Anatenga mkeka wawo n'kulowa m'nyumba, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimene ndinaiwala tsiku limenelo n'chakuti kukayika kwa anthu a kuno kuli ndi mbiri yake. Boma loyamba limene makolo athu analiona linafika mu 1891 pasitima ya panyanja, ndi mizinga, ndipo dzina la Fort Maguire ndi chipsera cha nkhondo imeneyo. Amalume eniakewo anali m'gulu la a Malawi zikwizikwi amene anabwezedwa kuchokera ku migodi ya ku Joni cha mu 1988, pamkangano wa kuyeza magazi a Edzi. Kwa iwo, munthu wovala zoyera atagwira jakisoni anali munthu amene anawalanda ntchito popanda kuwafotokozera kanthu. Ine amene ndinali ndisanaluzepo kalikonse ndinawatcha mbuli.

Pa 19 Meyi 2021 nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, inatsogolera mwambo wotentha madozi 19,610 ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Anali otsala a madozi 102,000 amene anachokera ku bungwe la African Union pa 26 Malichi, pamene tsiku lawo lothera mphamvu linali 13 Epulo. Boma linatentha poyera kuti anthu aone kuti palibe amene adzabayidwe katemera wotha mphamvu. Koma pa WhatsApp nkhaniyi inafika itatembenuzidwa. Anthu ankatumizirana kuti onani, ngakhale boma lazindikira kuti ndi poizoni.

Amene anasintha maganizo a amalume anali mayi wina, mlangizi wa zaumoyo, woyenda panjinga yakapalasa. Anabwera katatu. Ankakhala pansi pakhonde, kulankhula nawo m'Chiyao, kuyankha funso lililonse mofatsa, ndipo pamene sankadziwa ankanena kuti akafunsa. Anawaonetsa khadi lake lomwe, kuti iyenso anabayitsa ndipo ali moyo. Shehe wa pamzikiti wathu nayenso anabayitsa. Kumapeto kwa Juni amalume anakwera njinga yamoto kupita kuchipatala. Anapeza katemera atatha. Sanathe kuno kokha, anatha m'dziko lonse, nthawi yomweyo imene funde lachitatu la nthendayi linkakwera ndi chisanu.

Mu Julaye anayamba kutsokomola. Tinati n'chimfine cha mwera. Patapita masiku asanu ankalephera kumaliza chiganizo osapumira. Kuchokera kuno kukafika pa Boma ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo nonse mukudziwa momwe msewu unalili chaka chimenecho. Tinafika nawo usiku. Anawayeza n'kuwapeza nako kachiromboko, anawaika pampweya wa okosijeni, koma anagona masiku awiri okha. Akanabayitsa mu Epulo muja, thupi lawo likanakhala ndi miyezi itatu yokonzekera nkhondo. Miyezi imeneyo inatayika chifukwa cha kuseka kwanga.

Ndanena zonsezi chifukwa mkangano wa katemera sunathe, ndipo udzabweranso ndi mliri wina. M'tauni muli anthu amene amati njira ndi imodzi basi, kukakamiza. Mu Disembala 2021 boma linalengeza kuti likufuna kuti ogwira ntchito zina, monga a zaumoyo ndi ife atolankhani, abayitse mokakamizidwa, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linatsutsa ganizo limeneli. Ine ndinabayitsa mwa kufuna kwanga, koma pamenepa ndinagwirizana ndi bungweli. Ndinabadwa referendamu ya pa 14 Juni 1993 itapita kale, choncho khadi la chipani sindinaligulepo. Koma inu akuluakulu, ndi inu amene munathawa dziko lino, mukudziwa nthawi imene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi. Munthu amene anakula chotero, ukamuuza kuti popanda khadi la katemera salowa pakuti, amaona a Payoniya ataima pachipata. Amabisala, amabisa ana, ndipo tsiku lina katemera wa chikuku akabwera amathawanso. Chikakamizo chimadzaza kaundula wa mwezi umodzi n'kuononga chikhulupiriro cha zaka khumi.

Koma ndisakunamizeni pofuna kuti mundiombere m'manja. Ufulu wokana suli ufulu wonamiza anzako. Panali anthu amene ankalumbira kuti aliyense wobayitsa adzafa pasanathe zaka ziwiri. Zaka ziwirizo zinadutsa kalekale, ndipo obayitsa aja ali pompano, ena akundimvera. Ankati amayi adzauma, koma amayi omwewo lero ali ndi makanda kumbuyo. Onenawo sanabwere kudzapepesa pamaliro alionse, pamene nthendayi inapha a Malawi oposa 2,600 amene analembedwa m'mabuku a boma. Agogo athu ankaidziwa nthomba, imene inkasiya anthu akhungu ndi a mabalamabala kumaso. Mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti yatheratu padziko lonse, ndipo anaithetsa ndi katemera. Tikalekerera, matenda amabwerera. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 130,000 m'dziko muno, ndipo mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, nthenda imene inali isanaoneke kuno kwa zaka 30.

Ena mwa inu amene munakhala ku South Africa kapena ku Britain mwandifunsa za katemera wa chimfine chenicheni, amene kumeneko amabaya chaka ndi chaka chisanu chisanayambe. Ena mukuti ndi malonda chabe, chifukwa chinthu chogwira ntchito sichingafune kubwereza chaka chilichonse. Chifukwa chake n'chakuti kachirombo ka chimfine kamasintha msangamsanga. Akatswiri a WHO amakumana mu Febuluwale kusankha mitundu imene ikuyembekezeka ku maiko a kumpoto, ndi mu Seputembala kusankhira maiko a kum'mwera. Zaka zina amalasa bwino, zaka zina amaphonya pang'ono. Wobayitsa angathe kudwalabe, koma mwayi woti agonekedwe m'chipatala kapena kumwalira umachepa. Amene amapindula kwambiri ndi okalamba, amayi oyembekezera, ana aang'ono, ndi odwala shuga, mphumu, mtima kapena amene ali ndi HIV. Ndipo chimfine tisachipeputse. WHO imati chimapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 chaka chilichonse padziko lonse. Cha mu 1918, chimene chinafika ku Nyasaland nkhondo yoyamba itangotha, chinapha anthu pafupifupi 50 miliyoni.

Tsono ndikupempha zinthu zinayi. Kwa a boma, musatiuze kuti tibayitse kenaka tikafika n'kupeza mulibe. Munthu wa kuno akalipira njinga yamoto n'kubwerera chabe, sadzapitanso. Firiji yoyendera dzuwa, mafuta a galimoto ndi msewu wodutsika nthawi ya dzinja ndi mbali ya katemera yemweyo. Kwa aphungu ndi makhansala, funsani poyera kuti madozi angati afika m'boma lino, angati afika kutsidya lino la nyanja, ndipo angati athera mphamvu ali m'nkhokwe. Mavoti athu anakupatsani pakamwa, pagwiritseni ntchito. Kwa mafumu, mashehe ndi abusa, itanani alangizi a zaumoyo adzayankhe mafunso pabwalo, m'Chiyao, mliri usanafike. Ndipo kwa ife atolankhani ndi inu nonse ophunzira a m'tauni, tikamalemba tizinena zabwino za katemera pamodzi ndi zovuta zake zomwe, chifukwa munthu akatulukira yekha chimene tinamubisira sadzatikhulupiriranso. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga wofunsa n'kusekedwa, mlandu ukhala wa yani?

Chilimira cha amalume tinagulitsa kuti tilipire ngongole za matenda ndi maliro. Mu Ogasiti chaka chomwecho kunafika katemera wina, wa Johnson & Johnson, wobaya kamodzi kokha. Azakhali anga, mkazi wa malemuwo, anandifunsa mafunso omwe aja, pakhonde lomwe lija. Ulendo uno ndinakhala pansi n'kuyankha limodzilimodzi, mpaka dzuwa linalowa. M'mawa mwake ndinawaperekeza.

A Wapampando, ndalankhula motalika. Amene ali ndi funso aimike dzanja, ndipo limene lindikanike ndilipereka kwa alangizi a zaumoyo amene akhala apawa.