NTCHITO YOWERENGA ZOLEMBEDWA M'KACHILOMBO

Mau olankhulidwa kwa makolo, aphunzitsi ndi ophunzira a Fomu 4 a ku Chileka ndi ku Lirangwe



Ambirife chaka cha 1993 timachikumbukira chifukwa cha riferendamu. Koma m'chaka chomwecho dziko lathu linachitanso chinthu china chachikulu. Linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyambirira a malungo ndi kuyamba Fansidar, popeza chloroquine anali atasiya kuchiza. Ofufuza atayeza magazi a odwala a mu Blantyre anapeza kuti mu 1992 tizilombo ta malungo 85 pa 100 tinali ndi chizindikiro chopima chloroquine. Pofika mu 2000 tinatsika kufika pa 13. Chizindikirocho ndi kusintha kwakung'ono kwambiri m'malembo a m'kati mwa kachilombo.

Malembo amenewa ndiwo nkhani yanga lero. Chamoyo chilichonse, kaya munthu, chimanga kapena kachilombo, chili ndi malangizo ake otchedwa DNA, olembedwa ndi zilembo zinai zokha: A, C, G ndi T. Kachilombo ka E. coli, kamene kamakhala m'matumbo mwathu, kali ndi zilembo pafupifupi 5 miliyoni. Palibe munthu angawerenge zonsezo ndi maso. Makina amazitulutsa zili zidutswa-zidutswa, tsono pamafunika munthu wodziwa kompyuta, masamu ndi sayansi ya zamoyo kuti azilumikize, aziyerekeze ndi za tizilombo tina, nanene tanthauzo lake. Ntchito imeneyi ndiyo bioinformatics.

Musaganize kuti ndi za ku Ulaya zokha. Kuyambira mu 2019 mpaka 2020, kafukufuku wotchedwa DRUM anayendera mabanja 300 a ku Ndirande, ku Chikwawa ndi konkuno ku Chileka. Ankatenga chimbudzi cha anthu, ndowe za ziweto, madzi akumwa ndi a mumtsinje. Pa zitsanzo 10 zilizonse za chimbudzi cha anthu, pafupifupi 4 zinali ndi tizilombo tosamva mankhwala amphamvu monga ceftriaxone, jakisoni amene madokotala a ku Queens amadalira munthu akadwala mwakayakaya. Nyengo ya dzinja vutoli linkakula. Tsono funso ndi ili: kodi kachilombo ka m'mimba mwa mwana n'kamodzi ndi ka m'khola la nkhuku, kapena ka pa dooko? Poyang'ana pa galasi lokuza zinthu, tonse timaoneka tofanana. Amene amatha kusiyanitsa ndi wowerenga zilembo uja.

Amalawi anzathu anaiyamba kale ntchitoyi. Dr Patrick Musicha ndi anzake a ku Malawi-Liverpool-Wellcome, bungwe lofufuza lomwe lili pa Queens, anasanthula zotsatira za kuyeza magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Mu 2017 anaonetsa kuti kachilombo ka Klebsiella, kamene kamapha makanda, kanafika posamva mankhwala aja 9 pa 10 tilitonse. Dr Chrispin Chaguza anafufuza zilembo za kachilombo ka chibayo, kenaka za kolera amene anapha anthu oposa 1,700 mu 2022 ndi 2023. Tayifodi itabuka mu Blantyre kuyambira mu 2011, kuwerenga zilembo n'komwe kunaulula kuti kunalowa mtundu wina wotchedwa H58, wosamva mankhwala atatu akale. Umboni wotere unathandiza kuti katemera ayesedwe pa ana 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa mu 2018, ndipo mu 2023 anafika kwa ana a dziko lonse.

Komabe pali mau owawa. Kwa zaka zambiri tizilombo tathu tinkatumizidwa ku Sanger Institute, pafupi ndi Cambridge, kukawerengedwa. Sitikunyoza anzathuwo, atithandiza kwambiri. Koma amene amawerenga ndiye amasankha funso loyamba kuliyankha. Mai wa ku Chileka amene anapereka madzi a mu mtsuko wake ali ndi ufulu womva zimene zinapezeka, m'chinenero chake, kuchokera kwa mwana wa kwao. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Inu ana, njira yake si yobisika. Limbikirani Masamu ndi Biology, musataye limodzi pofuna linzake. Ena amalowa ntchitoyi kudzera ku maphunziro a kompyuta, ena a masamu, ena a zoyezayeza m'chipatala monga a ku Kamuzu University of Health Sciences. Zilembo za tizilombo tambirimbiri, kuphatikizapo ta mu Blantyre muno, zimasungidwa pa intaneti, aliyense angathe kuzitenga mwaulere. Atsikana, ntchitoyi ndi yanunso.

Makolo, mwana akamakonda masamu musamuuze kuti ntchito ndi udokotala ndi unamwino basi. Aphunzitsi, mwana wa ku Lirangwe asamalize Fomu 4 asanakhudzepo kompyuta. Ndipo inu amene munabwerako kunja muli ndi maphunziro ndi abwenzi m'mayunivesite, tengani mwana mmodzi wa kuno mumulondolere njira. M'mera mpoyamba.