Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chipinda cha Amayi cha Masewera Olimbitsa Thupi



Ndathokoza pondiitana lero pa 20 Okutobala, tsiku limene dziko lonse limakumbukira matenda ofooketsa mafupa. Akatswiri amati mwa amayi atatu alionse opitirira zaka 50 padziko lapansi, mmodzi adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa. Kwa abambo ndi mmodzi mwa asanu.

Amayi ndi amene ali pachiopsezo chachikulu chifukwa akasiya kusamba, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, mahomoni otchedwa estrogen amachepa m'thupi. Mahomoniwa ndi amene amateteza fupa kuti lisathe msanga. Akachepa, fupa limafumbwa mkati ngati mtengo wa denga, kunja likuoneka labwinobwino, ndipo silipweteka. Timadzadziwa agogo ataterereka kubafa n'kuthyoka m'chiuno, kapena msana utayamba kupindika, ife n'kumati ndi ukalamba chabe.

M'chipinda chimene tikutsegulira lero muli makina amene munthu amaimapo, iwo n'kumanjenjemeretsa thupi pafupifupi maulendo 30 pa sekondi. Nzeru yake si yachilendo. Mu 1892 dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, anafotokoza kuti fupa limalimba molingana ndi ntchito imene likugwira. N'chifukwa chake anthu opita kuthambo, kumene thupi sililemera, amataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu ya mafupa ena mwezi uliwonse. Makinawa amayesa kulipatsa fupa ntchito popanda munthu kuthamanga kapena kudumpha.

Kodi amathandizadi? Pano ndilankhule mosapsatira. Mu 2001 Clinton Rubin wa ku America anaimika nkhosa pa makina otere mphindi 20 patsiku kwa chaka, ndipo mafupa a m'ntchafu analimba kwambiri. Koma mayi si nkhosa. Ku Leuven m'dziko la Belgium, mu 2004, amayi amene anawagwiritsa ntchito miyezi 6 mafupa awo a m'chiuno analimbako ndi kachigawo kosafika 1 peresenti. Ku Toronto, mu 2011, anayesa amayi 202 kwa chaka chathunthu, osapeza kusiyana kulikonse m'mafupa. Nkhani yolimbikitsa inachokera ku Hong Kong mu 2014: amayi achikulire amene ankaima pa makinawa ankagwa mocheperapo kusiyana ndi anzawo, chifukwa minofu ya m'miyendo inalimba ndipo ankaima mosadzandira.

Choncho makinawa ndi othandizira, makamaka kwa amayi amene mawondo sawalola kuyenda mtunda. Si mankhwala, ndipo wina akadzakuuzani kuti mugule makina ake chifukwa amabwezeretsa mafupa a utsikana, ndalama zanu zisatuluke pachitenje. Komanso safunsa anadya phula: amene munathyoka fupa posachedwa, amene munachitidwa opaleshoni ya m'chiuno kapena bondo, amene muli ndi vuto la mtima kapena magazi oundana m'mitsempha, musakwerepo musanaonane ndi dokotala.

Zimene zimalimbitsa mafupa zambiri tili nazo kale. Yendani ndawala tsiku lililonse. Musasiye chimtali ndi chisamba poti mwakula. Kuponda pansi kumene kuja ndi ntchito imene fupa limafuna. Usipa ndi matemba tizidya ndi minga yake, chifukwa kashiamu ali mmenemo. Bonongwe, nkhwani ndi mkaka zisasowe pakhomo. Dzuwa limathandiza thupi kupanga vitamini D. Fodya ndi kachasu zimadya mafupa. Amene mukumwa ma ARV, dziwani kuti ena mwa mankhwalawa, monga tenofovir, amachepetsako mphamvu ya mafupa. Musasiye kumwa ngakhale tsiku limodzi, koma kambiranani ndi achipatala.

Kwa inu abambo ndi achinyamata, ntchito ilipo. Konzani kubafa kusaterere, fotserani maenje pabwalo, ndipo usiku agogo asapite kuchimbudzi opanda tochi. Mtolo wolemera wa nkhuni musawasenzetse mayi amene msana wayamba kupindika. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo, tithandizeni kuti nkhani ya kusiya kusamba ileke kukhala ya manyazi. Achipatala, mayi wachikulire akathyoka dzanja pongogwa pang'ono, musangomanga pulasitala n'kumubweza. Fufuzani chimene chafooketsa fupalo.

Amayi, chipinda ichi ndi chanu. Bwerani, ndipo muitane anzanu a kumpingo ndi a kubanki m'khonde. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chipinda cha masewera olimbitsa thupi chatsegulidwa.