Cingwe ca Magetsi Copyola Khoma

M'makomboni a Lusaka, monga Kanyama, Chawama ndi George, muli mabwalo ambiri pamene mita ya ZESCO iri imodzi koma mabanja ali anai kapena asanu. Mwini nyumba akamanga zipinda za lendi kuseri, kawirikawiri saitana mmisiri. Angotenga nyundo ndi msomali, naboola njerwa, napisamo cingwe cofewa conga ca wailesi. Madzulo cipinda ciwala, ndipo onse akondwa.

Koma cingwe cotere anacipangira kukhala poyera, pamene maso aciona ndi mphepo icizizitsa. M'kati mwa bowo simenti icikhula pang'onopang'ono nthawi zonse mwana akacikoka, kufikira khungu lace lang'ambika. Cikadzera pansi pa malata ndiye kwaipiratu, pakuti lata liceka ngati mpeni, ndipo waya wamoto akalikhudza, denga lonse ligwira magetsi a mavolti 230. Ku Kanyama, kumene madzi a dzinja alowa m'nyumba nanyowetsa makoma, mai wopanda nsapato akagwira khoma lotero angafe pomwepo.

Palinso kutentha. Pulagi ya mano atatu iri ndi fyuzi yosapitirira maampu 13, ndiwo mawati ngati 3,000. Ketulo yokha idya pafupi 2,000. Tsono wokhala m'cipindamo akayatsanso nsimbi ndi sitovu, fyuzi ipsya, monga iyenera kutero. Pamenepo ena, poyesa kucenjera, amanga kawaya wamba m'malo mwace. Kodi cidzapsya nciani tsopano? Ndi cingwe comwe, m'kati mwa khoma, kuseri kwa kabati.

Cifukwa cace buku la malamulo a magetsi la ku America, National Electrical Code, pa ndime 400.12, liletsa kupititsa cingwe cofewa pa bowo la khoma, kapena kuciyesa waya wokhazikika wa nyumba. Njira yoyenera ndi yakuti mmisiri wophunzira aike waya wolimba m'paipi, cipinda ciri conse cikhale ndi soketi yaceyace, ndipo waya wa nthaka, wobiriwira ndi wacikasu uja, afike konseko. Ndalama zace ziwawa, koma sizifika pa mtengo wa denga latsopano.

Caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maora ambiri, nabwera pakati pa usiku. Sitovu imene inaiwalika masana inali kuyamba kukoka moto m'cingwe cija anthu onse ali m'tulo.