MAGETSI A KU KARIBA NDI MITENGO YA KWATHU



Ndine mwana pakati panu, koma popeza mwandipatsa bwalo, ndiloleni ndinene za cinthu cimene ana athu aloweza pamtima osacimvetsa, ndico cakuti magetsi ambiri a dziko lino ndi mvula imene inagwa kale.

Khoma la Kariba linamangidwa pa Zambezi kuyambira 1955 kufikira 1959, ndipo Atonga ngati 57,000 anacotsedwa m'cigwa ca makolo ao kuti nyanja ikhalepo. Nyanjayo ndi yaikulu ndithu, koma madzi oyendetsa makina ndi a pamwamba okha, mamita 13 basi. Akaphwa amenewo, mlendo adzaona madzi kufikira kumene maso alekeza, makina ali duu. Ndiponso sali athu tokha, pakuti bungwe la Zambezi River Authority liwagawa caka ndi caka pakati pa ife ndi Zimbabwe.

Mu 2024 tinadzionera. Mvula inakana, pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika September mabanja ena m'mizinda anali kukhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi.

Wina adzati, "Nanga ife a kumudzi, owerenga ndi nyali, zitikhudza bwanji?" Zitikhudza pa makala. Mai wa ku Lusaka, magetsi akazima, sagoneka ana ndi njala; agula thumba la makala, ndipo thumbalo licokera m'mapiri athu. Wotentha makalayo sindimdzudzula, pakuti cimanga cake cinapsa ndi dzuwa lomwelo. Koma phiri likametedwa mpala, mvula silowa pansi. Ithamanga ndi nthaka, nikwirira dambo ndi mcenga, ndipo citsime ca pasukulu ciphwa mvula ikali kutali. Motero cilala ca caka cimodzi cibala ludzu la zaka zambiri.

Inu a kuno kum'mawa, muwauzenso ana kuti madzi a Luangwa safika ku Kariba. Alowa m'Zambezi kunsi kwa khomalo, nakayendetsa makina a Cahora Bassa ku Mozambique. Dothi limene titaya ife likakwirira nyanja ya anansi.

Zimenezi sizimveka pa bolodi pokha. Turukani nao ana pamalo otsetsereka, musankhe zigawo ziwiri, cina ca udzu, cina copalidwa. Thirani ndowa imodzi pa ciri conse, ana atape madzi otsikawo m'mabotolo awiri, nawaike pazenera kufikira m'mawa. Inu musanene kanthu. Afunseni okha cimene cakhala pansi pa botolo. Pambuyo pace muimike citini coyezera mvula pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo mwana mmodzi azilemba m'buku tsiku ndi tsiku. Mukasamutsidwa, bukulo litsale pasukulu.